Puleti ya Kumsana kwa Chule

Sajeni sankadana ndi madzi, ayi. A m'kapu ankamwa, a m'ndowa ankasamba. Koma madzi opitirira m'chiuno ankati eni ake ndi nsomba, iye alibe nawo gawo. Ndiye m'mawa umene akuluakulu ake anamutuma ku damu, apolisi anzake a mu ofesi anaseka mpaka kugwira nthiti.

Nkhani yake inali iyi. Ku damuko kunali kakampani ka madayiva, anthu aja olowa pansi pa madzi atabereka thanki ya mpweya. Ntchito yawo inali kuchotsa zinyalala pa masefa a mapaipi otengera madzi kutauni. Dzulo lake dayiva wina, amene aliyense ankangomutcha Chule, anavuuka mwadzidzidzi, miyendo kumwamba mutu pansi, magazi ali chuchuchu m'mphuno. Anapulumuka, koma anali m'chipatala. Mwini kampani anali atatchula kale wolakwa: mekaniki wokonza zida, yemwenso anali mlongo wake wa Chuleyo.

Sajeni anawapeza onse awiri m'shedi yosungira zida. Mwini kampani anali chilili pakhomo, makiyi akulira m'dzanja. Mekaniki anali atakhala pa bokosi la masipanala, ali khuma, maso atatupa.

"Palibe chofufuza apa, a Sajeni," anatero mwini kampani. "Manati ogwira thanki anali osamanga. Womanga manati pano ndi mmodzi, ndi ameneyu. Ntchito ndamuchotsa kale. Chatsala ndi inu kumutenga, akamulande satifiketi, akayankhe kukhoti. Dzina la kampani yanga si chopukutira mapazi."

"Mayi, mwamva. Inu mukuti bwanji?"

"Ndinamanga, bwana." Mawu ake anali otsika koma osanjenjemera. "Zaka zisanu ndi zinayi ndikumanga manati amenewa. Ndikamaliza ndimanyamula chida chonse pogwira thanki, n'kuchigwedeza katatu. Chikangolira pang'ono, sichituluka muno. Ndiye cha mwana wa mayi anga n'chimene ndingachilekerere?"

"Munachimanga liti?"

"Dzana madzulo. Ndinatsekera m'kachipinda ka wayaka. Dzulo m'mawa ndinatsegula seveni koloko, kenako ndinapita ndi Kaputeni, woyendetsa boti lathu, kukagula petulo. Tinatha ola lathunthu, kunali mzere."

"Kachipindako munasiya kotsegula?"

"Masiku onse timatero. Pano tonse ndi apachibale." Anayang'ana mwini kampani. "Ndinkaona ngati choncho."

Chida cha Chule apolisi anali atachikhomera m'kabati ndi loko wawo. Mekaniki anati dzulo anapempha kuti angochiona, koma anamukaniza. Sajeni anasisita kiyi wa lokoyo m'thumba, n'kunena kuti ayambe wamva kaye kwa mwini wake.

* * *

Mekaniki anamuperekeza kuchipatala, koma anathera pakhomo la wodi. Mayi ake atangomuona anadzuka pampando, chala chili patsogolo.

"Iwe usalowe muno! Kodi ndinakubereka kuti udzandiphere mwana? Choka, ndisakuone!"

Mekaniki anabwerera chafutambuyo, n'kukakhala pabenchi ya m'khonde. Sajeni anaona zambiri pantchito yake, koma zimenezi zinamuwawa mtima kwambiri.

Pambali pa bedi panakhala bambo wa imvi, wa mapewa aakulu. Anali dayiva wamkulu wa gululo, amene onse ankawatcha Madala.

"Akanapanda awa," anatero mayi aja akuwaloza, "bwenzi lero tikukumba manda. Mulungu awadalitse."

Chule anali atagona, thonje lili m'khutu, koma pakamwa pali bwinobwino.

"Kwezani mawu, bwana, khutu ili lapita kutchuthi! Mukufuna ndiyambire pati? Ife kumsana timavala puleti, chitsulo chophwatalala chokhala ndi malamba. Pa puletipo timamanga thumba la mpweya, timalitcha phiko, kenako thanki pamwamba pake. Zikakhala bwino umagona m'madzi ngati uli pa matiresi. Koma dzulo, mayo ine! Ndikadzutsa mutu, gu! valavu, chotsegulira mpweya cha pa thanki, pankhongo. Ndikatembenukira kumanja, thanki ikupita kumanzere, gwedegwede. Mutu ukungondikokera pansi."

"Bwanji simunatuluke?"

"Kutuluka? Kunabwera mlendo wa kamera, wochokera kwa eni mapaipi, kudzaona oti atsale pa kontirakiti yatsopano. Ndinati ndipirire. Mpweya utachepa, thanki inapepuka, ndinangoona ndayamba kukwera. Mpweya wa m'phiko unathawira kumatako, miyendo n'kutsatira. Kachingwe kotulutsira mpweya ndinakasaka, thanki yanditembenuza, osakapeza. Zotsatira zake ndi izi, akundidyetsa ndi supuni."

"Mukuganiza kuti achemwali anu analakwitsa?"

Chule anasiya kuseka. Anayang'ana kukhomo.

"Sanayambe alakwitsapo chiyambire. Koma manati ndi awo, bwana. Ndinene kuti chiyani?"

Madala ankalankhula ngati mawu amagula. Anati m'mawa umenewo anali ku kantini ya pageti, akumwa tiyi, mpaka a petulo atabwerako. Pansi pa madzi anaona mnzawo akukwera, anamugwira phazi, phazi linawapulumuka. Pamwamba anamutembenuza kuti nkhope iyang'ane kumwamba, n'kumukokera ku boti.

"Ndi zokhazo," anatero.

Mayi a Chule anawathirira tiyi wa m'fulasiki, n'kuwapatsira chakumanja. Madala anatembenuka thupi lonse, n'kulandira kapuyo ndi dzanja lamanzere. Sajeni anaziona, koma sanadziwe koziika.

* * *

Atabwerera kushedi, Sajeni anatsegula kabati n'kuika chida cha Chule patebulo. Mwini kampani anayamba kung'ung'udza kuti woganiziridwa sagwira umboni.

"Umboni ndi wanga," anatero Sajeni. "Mayi, bwerani."

Mekaniki anayamba wachiyang'ana, manja ali kumbuyo. Anachizungulira kamodzi.

"Thanki iyi yakwera."

"Yakwera bwanji?"

"Puleti imakhala ndi mabowo awiri kumtunda, awiri kumunsi pang'ono. Mabawuti ogwira thanki amalowa m'menemo. Mukalowetsa kumtunda, thanki imakwera, kulemera kumapita kumutu. Mlongo wanga ndi wamfupi, ine ndimamuikira kumunsi nthawi zonse. Izi zili kumtunda."

Anagwira thanki n'kuigwedeza. Inalira ngati chitseko chakale. Kenako anamatula kakhushoni ka siponji kamene kamaphimba puleti kuti isamapweteke msana. Anayang'anitsitsa puletiyo.

"Mwaona chiyani?"

"Bwana, iyi si puleti ya mlongo wanga."

Mwini kampani anasiya kuliza makiyi.

Mekaniki anafotokoza. Puleti ya Chule inali yachitsulo cholemera, anagula yekha, ndipo pakampani ponse inali imodzi yokha. Zina zonse zisanu zinali za aluminiyamu, zopepuka. Kukula kwake n'kofanana, moti ukaphimba ndi khushoni sungasiyanitse. Koma yachitsuloyo inkaposa ndi makilo awiri.

"Makilo awiri okha?"

"Pamtunda, mutabereka katundu yense uyu, simungawamve. Pansi pa madzi, thanki ikapepuka, makilo awiri amenewo ndiwo amakugwira kuti usauluke. Wina anamasula malamba onse, n'kuwalowetsa pa puleti iyi. Si ntchito ya munthu wamba, ndipo si ya mphindi zisanu. Taonaninso apa, mawashala oletsa manati kumasuka palibe. Ine ndingaiwale dzina langa, osati washala."

Sajeni anawerama. Mabowo akumtunda anali onyezimira, atakula chifukwa cha kukhuzika kwa zaka zambiri. Akumunsi anali atsopano, ngati bawuti siinalowemo chipangidwire.

"Ndiye mwini puleti iyi amaika thanki yake kumtunda masiku onse. Ndi ndani ameneyo?"

Mekaniki anabwezera khushoni ija pamalo pake, mwapang'onopang'ono.

"Sindikudziwa, bwana."

Linali bodza, ndipo bodza la munthu wosazolowera kunama. Satifiketi yake inali pamoto, mayi ake atamukana pagulu, koma iye ankatetezabe munthu wina. Sajeni sanamukakamize. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anasecha makabati onse a madayiva, kuseri kwa kompuresa yopopera mpweya, ngakhale pansi pa tebulo la mwini kampani. Puleti yachitsulo sinapezeke.

* * *

Kaputeni anali pa mlatho wa matabwa pomwe ankakocheza boti, akupukuta injini. Sajeni anaima pakati penipeni pa mlathowo, kutali ndi m'mphepete monse muwiri.

"Sendererani kuno, abwana, madziwa saluma!" anakuwa Kaputeni. "Kapena ndikubwerekeni jekete yoyandamira? Ayi? Chabwino, tikuwirizana choncho. Za petulo ndi zoona, tinali limodzi ndi achemwaliwo, ola lathunthu tikuwotcheka padzuwa. Kutsogolo kwathu kunali bambo wina wa zigubu khumi, ndinatsala pang'ono kumuimbira inu apolisi. Chule anafika mochedwa ngati kale, akuvala akuthamanga. Mnyamata ameneyo adzachedwa ndi pa ukwati wake womwe."

"Chachilendo chimene munaona m'botimo?"

"Chachilendo? Mlendo wa kamera anasanza kawiri. Eya, ndi za mtovu zija."

"Mtovu wanji?"

"Madayiva amamanga zidutswa za mtovu m'chiuno kuti amire. Aliyense ali ndi muyeso wake, ine ndimaudziwa pamtima chifukwa wonyamula ndine. Madala amatenga makilo sikisi, chiyambire ine kuwadziwa. Dzulo anachotsa chidutswa cha makilo awiri, n'kuchiika pampando wa Chule. Chule anangochikankhira pansi, akuti asamuikire zinyalala pokhala. Ine ndinati kaya Madala anenepa mafupa. Koma mukanawaona pa kamera ija! Masiku onse miyendo yawo imakwekwereza pansi, matope kobo, mnzawo osaona kanthu. Dzulo anagona mowongoka ngati kamnyamata. Mlendo uja anawomba m'manja."

Sajeni anaiwala za madzi. Anasendera pafupi.

"Thanki yawo amaika kumtunda kapena kumunsi?"

Kaputeni anaseka chikhakhali.

"Amenewo? Phewa lamanja linauma chigwereni pa njinga yamoto. Kudzikanda kumsana amachita kupempha khoma. Tsono dayiva amayenera kufikira valavu yake ndi dzanja pakavuta zinthu. Ndiye thanki yawo imakhala pamutu ngati mtolo wa nkhuni. Timawaseka tonse."

"Anati anali ku kantini pamene inu munali kokagula petulo."

"Kantini iti? Mayi a kantini ali kumaliro sabata yonse ino. Tikungomwa madzi a pampopi, onani m'mene ndaondera."

Kaputeni anasiya kuseka ataona nkhope ya Sajeni. Nsanza yopukutira ija inagwera m'madzi, osaitola.

* * *

Zida za madayiva ena zinali zitapachikidwa pakhoma la shedi, poyera, pomwe aliyense ankadutsa. Sajeni anadzitukwana mumtima. Anali atakwawa pansi pa matebulo kufuna chinthu chimene chinali pamphuno pake. Ananyamula chida choyamba, chachiwiri, chachitatu. Chachinayi chinamukoka dzanja.

Madala anafika dzuwa litapendeka, akuti adzatsuke zida zawo. Anapeza chida chawo chili patebulo pambali pa cha Chule, mwini kampani, mekaniki ndi Kaputeni ataima mozungulira.

"Madala," anatero Sajeni, "tandichotsereni khushoniyo."

Madala khushoniyo sanaigwire. Anapisa dzanja lamanzere m'thumba la buluku, n'kutulutsa mawashala awiri. Anawaika patebulo, n'kukhala pansi pa simenti.

"Chule ndinamupempha kawiri kuti andibwereke puleti yakeyi," anayamba. "Anaseka, akuti mswachi sabwerekana. Ine zaka makumi atatu ndili m'madzi, a Sajeni. Mtovu wa m'chiuno umandigwetsa miyendo. Puleti yolemera imaika kulemera pamsana, munthu umagona bwino. Ndinadziwa kuti mlendo uja akaona matope anga, kwanga kwatha. Pamsinkhu uno ndikayamba ntchito yanji? Ndinati kwa tsiku limodzi lokha, madzulo ndibweza. Ndinati mwanayu ndi wamphamvu, makilo awiri sangamuvute."

"Nanga mabowo?"

"Manja anangopita okha kumene anazolowera. Sindinaganize n'komwe. Nditamva galimoto ya petulo pageti, ndinamanga manati ndi zala, mawashala ali m'thumba. Mtovu ndinamuikira pampando kuti mwina autenga. Pakamwa ndi pomwe panandikanika."

"Zimenezo ndamva," anatero Sajeni, ndipo mkwiyo sanaubise. "Mantha a ntchito tonse tili nawo. Kumuvuula munamuvuuladi, ndikalemba. Koma dzulo lonse ndi lero, mwana uyu akumuthamangitsa mayi ake omubereka, inu muli phee pampando, mukulandira tiyi ndi madalitso. Pamenepo ndiye mwandinyansa, Madala."

Madala anaphimba nkhope ndi dzanja. Mapewa aakulu aja ankagwedezeka.

Mekaniki anagwada pambali pawo.

"Ndinadziwa nditangoona mabowo," anatero. "Ntchito iyi munandiphunzitsa ndinu, ena onse akuti mkazi sangathe. Ndinati ndidikire, mwina munena nokha."

"Ndakulakwira, mwanawe. Ndilibe pobisala."

Mwini kampani anatsokomola, n'kuyamba kuvula kiyi wa kachipinda ka waya pa mulu wa makiyi ake. Anati munthu amalakwitsa, anati iyeyo chiyambire sankakhulupirira kwenikweni kuti mekaniki ndi wolakwa, anati mawa abwere seveni koloko monga mwa masiku onse. Kaputeni anaguguda pakhosi mwadala.

"Munanditcha wakupha pamaso pa anthu, bwana," anatero mekaniki. "Mawa mudzanene zinazi pamaso pa anthu omwewo. Kiyiyo ndidzalandira pamenepo."

Sajeni anauza Madala kuti mlandu ulipo, wa kuba ndi wa kuika moyo wa munthu pachiswe, ndipo zotsala akaweruza ndi akhoti. Unyolo sanautulutse. Madala anadzuka movutikira.

"Ndili ndi pempho limodzi. Tidzere kuchipatala. Chule ndi mayi ake asamve kwa inu, amve kwa ine."

* * *

Madala analowa okha m'wodi. Sajeni anatsala m'khonde ndi mekaniki, atakhala pabenchi. Anamva mawu otsika, kenako mfuu ya mayi, kenako bata lalitali. Namwino wina anadutsa ndi tebulo la mankhwala, matayala ake akulira.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka mayi aja, akupotokola nsonga ya mpango wawo. Anaima patsogolo pa mwana wawo. Kenako mawondo awo anayamba kupindika.

"Ayi, amayi, musatero!" Mekaniki anawagwira m'khwapa asanafike pansi.

"Ndisiye ndigwade. Lilime langa lakucheka, mwananga. Ndinakutukwana usanalankhule n'kamodzi komwe. Ndikhululukire."

"Munali ndi mantha, amayi. Inenso ndinali nawo."

Anakumbatirana pomwepo, akulira mosabisa, anthu a m'khonde akuwalambalala. Sajeni anayamba kuwerenga chikwangwani cha katemera chimene chinali pakhoma, mwachidwi chachikulu.

"Achemwali!" Mawu a Chule anamveka mpaka kumapeto kwa khonde. "Mukulira chiyani kunjako, wodwala ndili muno? Adokotala akuti miyezi iwiri ndibwerera m'madzi. Koma chida changa asadzagwirenso munthu wina, ndinu nokha, mwamva?"

Mekaniki anapukuta maso ndi mkono wa ovolosi.

"Uyambe wachira kaye, chitsiru iwe," anayankha, n'kulowa atagwira dzanja la mayi ake.